Amayamba Iwo, Timamaliza Ife

Pakamwa panga pali chizolowezi chimene chayamba kundisowetsa mtendere tsopano imvi zitamera. Munthu akaima patsogolo, n'kukweza mawu, n'kudula liwu pakati, ine ndimamaliza ndisanaganize n'komwe. Ndidazionera pafupi m'chilimwe cha 2025, kampeni ili mkati, pa bwalo lina la mpira kufupi ndi Nsaru. Fumbi lidali koboo, njinga zathu titazitsamiritsa ku mitengo ya mango, amayi ovala nsalu za chipani atakhala pansi kutsogolo kwa nsanja, anyamata a kabaza ataimirira pa njinga zawo zamoto kuti aone bwino. Wolankhula uja sindimutchula, pakuti anzake a zipani zina amene adabwera masabata omwewo ankachita chimodzimodzi. Adasendeza chimkuzamawu kukamwa nati, "Mukatisankha, feteleza adzatsi...?" Bwalo lonse lidagunda: "...ka!" "Msewu uno tidzauthira phu...?" "...la!" Pambali panga padali mayi ena achikulire amene mwana wawo ndidamuphunzitsa kalekale. Msonkhano usanayambe adandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, onsewa n'chimodzimodzi, ine ndangobwerera gule." Koma pa "ka" paja mawu awo ndiwo adamveka kuposa a tonse amene tidaima pamenepo. Pobwerera, ine ndikukankha njinga, ndidawafunsa kuti, "Mayi, paja mwati simuwakhulupirira, nanga mumawayankhiranji chonchija?" Adandiyang'ana modabwa. "Aa, aphunzitsi, munthu wamkulu asiye mawu panjira, inu n'kumangomuyang'ana? Si mwano umenewo?"

Yankho limeneli landikhala pamtima mpaka lero. Mayiwo sadaname, ndipo sadapusitsidwe. Adayankha chifukwa cha ulemu umene adaleredwa nawo. Koma ndikabwerera ku chiganizo chija n'kuchiyang'ana modekha, ndimapeza kuti mwini wake sadanene kuti feteleza adzatsika. Iye adalekeza pa "adzatsi". Amene tidanena kuti adzatsika ndife, alimi a fodya, mtedza ndi soya, amene thumbalo timalilipira ndi thukuta. Iye adangotitwika mtolo, osenza mpaka kunyumba tidali ife. Ndipo mawu amene atuluka pakamwa pako, anansi ako akumva, ndi ovuta kuwakana mawa. Ukawakana ukudzitsutsa wekha. Ndikuganiza kuti mphamvu ya wolankhula wokopa yagona pamenepa kuposa pa kukula kwa mawu ake kapena kukongola kwa galimoto yake: amamanga chiganizo chokhala ndi mpata, mpatawo n'kuusiyira iwe.

Chizolowezichi sitidachiphunzire ku ndale. Ndale zidachipeza chitakhwima kale. Ine ndidayamba kugwira choko nthawi imene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tidapezeka tili pansi pa mtengo, bolodi litatsamira tsinde, ana ali mbwee, mabuku osakwana. Udziwa bwanji kuti wakumbuyo uja muli naye limodzi? Umadula liwu. "Likulu la dziko la Malawi ndi Lilo...?" "...ngwe!" Kalasi yonse ikayankha mtima umakhala pansi, umati amva. Koma mwana atha kumaliza liwu limene sakudziwa chimene likunena; chimene wagwira ndi kamvekedwe basi. Lamulungu mwana yemweyo apita kutchalitchi, mlaliki nayenso adula mawu, mpingo umaliza. Pofika zaka 18, dzina lake likulowa m'kaundula wa voti, pakamwa pake pazolowera kuti wamkulu akasiya mpata, mpatawo uyenera kutsekedwa msangamsanga.

Nthawi ina ndinkati gwero lake ndi nthano za agogo, tikamakhala mozungulira moto wa zitsononkho tikatha kukolola. Agogo akati "Padangokhala", ife tinkati "Tili tonse", ndipo ukagona osayankha nthano inkaima mpaka akugwedeze. Kunena zoona, kumeneko n'kumene tidaphunzira kuti wolankhula sasiyidwa yekha. Koma nditaganiza mofatsa ndidaona kusiyana. Poyankha agogo sitinkavomereza kuti kalulu adapusitsadi njovu. Tinkangonena kuti tilipo, makutu ali tcheru, pitirizani. Nkhani yonse idali ya agogo, kuyambira mwininkhani mpaka mathero, ndipo ikatha tinkatha kufunsa kuti fisi adalakwa chiyani. Yankho la pa nsanja ndi lamtundu wina. Limakulowetsa m'kati mwa chiganizo chenichenicho, n'kukupatsa phatikizo lomaliza la mneni, limene popanda ilo lonjezo silidabadwe. Kwa agogo tinkachitira umboni kuti tamva. Pa bwalo la mpira timachitira umboni kuti n'zoona, tisanafunse.

M'kalasi la Chichewa tili ndi phunziro limene ana ambiri amadana nalo, lophwanya ziganizo. Umalemba pa bolodi kuti "Galu waluma mwana", ana n'kupeza mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Wachita ndani? Wachita chiyani? Wachitira yani? Kwa zaka zambiri phunziroli ndinkaliona la mayeso chabe. Tsopano ndimati ndikamva zolankhula pa wailesi, m'mutu mwanga ndimatenga choko. "Chitukuko chikubwera kuno." Mwininkhani ndi chitukuko, ndiye kuti chikubwera chokha, wochibweretsa, amene tingamufunse chikapanda kufika, m'chiganizomo mulibe. "Mlatho uwu udzakonzedwa." Apa mneni ali mu msintho wochitidwa poyera, ndipo msinthowu uli ndi ubwino umodzi, woti umasiya khomo lotsekula: utha kufunsa kuti udzakonzedwa ndi yani, chiganizo n'kulola kuti dzina lilowe. Koma pali msintho wina, umene mabuku athu amautcha wochitidwa m'chibisira, ndipo mwana aliyense amaudziwa asanapite kusukulu. Akagwetsa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Amathamangira kwa amake n'kunena kuti mbale yasweka. Yesani kuwonjezera dzina la woswa pa "yasweka", muona kuti chiganizo chikukana. Chilankhulo chenichenicho chatseka khomo. Ndiye mvetserani akuluakulu akamafotokoza zimene zalakwika: ndalama zidasokonekera, mapepala adatayika, ntchito idaimitsika, zinthu zavuta. Mu Novembala 2023 Reserve Bank idalengeza kuti mphamvu ya ndalama yathu yachepetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Padali anthu amene adakhala pansi n'kugamula, kaya pa zifukwa zomveka kaya ayi. Koma pa msika wa Nsaru ndi pa Namitete tonse tinkangoti kwacha yagwa, mitengo yakwera, ndipo amene adagamula adasowa m'chiganizo chathu.

Zikakhala zabwino mwininkhani amatulukira poyera, atanyamula msintho womchitira: ndidakumangirani sukulu, ndidakukumbirani mjigo, ndakubweretserani chimanga. Timawomba m'manja, amayi n'kululutira, ndipo m'chiganizo chimenecho ife tasanduka olandira chifundo, chonsecho ndalama yomangira sukuluyo idachokera mu msonkho umene timadulidwa pa sopo, pa mafuta, pa fodya wathu ku Kanengo. Palinso "ti" uja wa kumayambiriro kwa mneni. Chichewa chathu sichisiyanitsa "ife" wophatikiza womvera ndi "ife" womusiya kunja, choncho wolankhula atha kukulowetsa ndi kukutulutsa m'mpweya umodzi. "Tiyeni tipirire" ndi wa tonse. "Tikambirana" ndi wa iwo okha, m'chipinda chimene iwe sudzalowa. Nanga "dza" wa m'tsogolo? "Tidzamanga" alibe malire: atha kukhala chaka chamawa, atha kukhala adzukulu athu atakalamba. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kusiyana kwa mawu a mfumu ndi a mlendo pa msonkhano womwewo. Agulupu amaima choyamba, chipewa chili m'manja, n'kuyamba ndi kuthokoza kwautali, kenaka n'kufika pa "koma" wawo amene tonse timamudikira. Akadutsa pa "koma" zonse zimakhala ndi mayina: mlatho wa pa mtsinje wakuti umene ngolo sizidutsa dzinja, chipinda cha Sitandade 3 chimene denga lidasasuka, mtunda umene mayi wapakati amayenda kuti akafike kuchipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Mlendo akaimirira, mayina onse aja amasungunuka. Ndamva. Tiziona. Zili m'mapulani.

Sindikufuna kuti zimveke ngati luso lililonse la pa nsanja ndi msampha. Ndimakonda mawu omangidwa bwino, ndipo ndikawamva thupi limachita tsembwe. Olankhula athu adadziwa kalekale kuti khutu limakonda zinthu zitatu zondondozana. Kamuzu ankabwereza kuti anthu ake asowa zitatu: chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Taonani kuti chachitatucho n'chachitali kuposa zinzake, ndiponso n'chimene chili ndi chithunzi. Aliyense amene adagonapo akusuntha mphasa usiku wa mvula ya Januwale adachimva m'thupi. Malemu Saulos Chilima adatisiyira zitatu zawo: osaopa, osatopa, osafooka. Mawu onse atatu ayamba mofanana, awiri oyamba ali ndi maphatikizo anayi, lachitatu asanu, ndiye phazi limaponda mwamphamvu pa lomaliza. Mulibe mwininkhani, mulibe nthawi, kotero kuti aliyense atha kuwatenga kukhala ake. Ndege imene a Chilima adakwera itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, achinyamata adawanena mawu omwewo akulira, ndipo adakwanira pa maliro monga momwe ankakwanira pa kampeni. Ndaganizapo ngati nawonso ali m'gulu la ziganizo zobisa wochita. Ndikuona kuti ayi, chifukwa salonjeza kanthu. Sakuti ndidzakupatsa, akuti iweyo limba mtima. Munthu atha kukana kapena kuvomera, koma palibe ngongole imene yabisidwa m'menemo.

Miyambi ndiye imandivuta kuigamula. A Chilima omwewo ankadziwika ndi miyambi pa misonkhano yawo, ndipo anthu ankapita kunyumba akuimasulira. Mwambi ndi chiganizo chimene chidadulidwa kale pakati ndi makolo: wolankhula akati "Mutu umodzi...", palibe Mchewa amene angagwire pakamwa pake osati "...susenza denga". Ukoma wake ndi woti umatikumbutsa kuti tili ndi nzeru zathu, kuti wa pa nsanjayo adayamwa bere lomwe tidayamwa ife. Kuopsa kwake n'koti mwambi sutsutsika. Ukatsutsa mfundo ya munthu ukulimbana ndi munthu. Ukatsutsa mwambi ukulimbana ndi manda. Ndiye wochenjera amaika mwambi pamalo pomwe payenera kukhala chifukwa. Mwafunsa za ndalama za mlatho, iye akuyankhani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, inu n'kumaliza nawo, kuseka, funso lija n'kufera pomwepo. Mwambiwo ngwoona. Koma sudanene kumene ndalama zidapita.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chapafupi cha chiganizo chamtundu wina. A Lazarus Chakwera ndi a ku Malembo, adaimirapo dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe ku Nyumba ya Malamulo kuyambira 2014, ndipo asanalowe ndale adatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Ulaliki umamveka m'kamangidwe ka mawu awo: kuyamba ziganizo zingapo ndi mawu amodzimodzi, kukwera pang'onopang'ono, kupuma pamene khamu likufuna kuwomba m'manja. Pa kampeni ya chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020, mgwirizano wa Tonse, umene iwo ankautsogolera, udanena zambiri, za kudya katatu pa tsiku, za ntchito 1 miliyoni. Koma chimene mlimi wa kwa Kabudula amachitchula mpaka lero osaphonya ndi nambala imodzi: K4,495 thumba la feteleza la makilogalamu 50. Chaka choyamba cha ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP, amene mayina awo adatuluka adagula pa mtengo umenewo. Chaka chotsatira udafika K7,500, kenaka K15,000. Chiganizo chokhala ndi nambala chimamuika wolankhula pangozi, chifukwa ngakhale gogo wosadziwa kulemba atha kuchiika pa sikelo. Paja amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Koma ine ndikuti chiganizo chotere n'chimene chimalemekeza womvera, ngakhale chitadzalephereka, pakuti chimamupatsa chogwira. Wina atha kuikira kumbuyo boma ponena za kukwera kwa feteleza pa msika wa dziko lonse, wina n'kutsutsa, koma onse awiri akukangana pa chinthu chooneka. Pa 16 Seputembala 2025 anthu adavota, a Peter Mutharika n'kupambana, ndipo ziganizo zimene iwo ndi anzawo adanena pa kampeni yawo zikuyenera sikelo yomweyo. Mantha anga ndi oti andale a mbali zonse atengapo phunziro lolakwika, loti nambala njoopsa, kuli bwino kubwerera ku "tiziona".

Ife amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi tidamva kalankhulidwe kosiyana ndi aka. Kamuzu atatsika ndege pa 6 Julaye 1958 pa Chileka, ya ku Blantyre osati yathu ino ya pa msewu wa ku Mchinji, adali atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ndipo pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali. A John Msonthi adagwira ntchitoyi, pambuyo pake a John Tembo. Kumasulirako kudaumba ziganizo zake: chidutswa chachifupi, kupuma, Chichewa, chidutswa china, ndipo mfundo imodzi inkabwerezedwa mpaka italowa m'mafupa. Nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tinkazilakatula tili ana. M'ziganizo zake mwininkhani sankabisala n'kamodzi komwe. Ine ndidaphwanya chitaganya. Anthu anga. Mbumba yanga. Wochita ankaoneka bwino lomwe, koma wofunsa ndiye kudalibe. Funso linkatha kukugonetsa kundende. Lero zatembenuka. Ufulu wofunsa tili nawo, koma ukatembenukira ku chiganizo kuti ufunse mwini wake, upeza mwini wake wachokamo.

Mawu amene adagwedeza dziko lino kwambiri m'moyo wanga sadanenedwe pa nsanja. Lidali Lamulungu, pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Idasindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Ine ndidaimvera kuno, mbali ya ku Nambuma, ndili mnyamata. Wowerengayo sadakweze mawu, sadadule liwu lililonse kuti timalize, ndipo ife sitidayankhe kanthu. Ziganizo zidali zathunthu, zonena zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma sankazitchula: kuchepa kwa malipiro a anthu wamba, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusowa kwa zipangizo m'zipatala, mantha olankhula, anthu otsekeredwa popanda mlandu kuzengedwa. M'tchalitchi mudali zii, khanda likalira mayi ake n'kulitseka pakamwa ndi bere msangamsanga. Kumapeto kudali mayina a olemba, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzawo. Mayinawo adawalipirira: apolisi adawaitana kukawafunsa, boma lidati kalatayo njoukira, ndipo Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, dziko lidavota pa riferendamu, nyali ya zipani zambiri n'kupambana tambala wakuda wa chipani chimodzi, ngakhale kuti kuno ku chigawo chapakati ambiri adavotera tambala. Ndikakumbukira tsiku lija ndimaona kuti chidatikopa si kamvekedwe. Chidatikopa n'choti anthu odziwika mayina, odziwika kumene amagona, adanena chiganizo chonse okha mpaka pa mpumiro, osatisenzetsa theka.

Komatu sitisowa kupita kutali kuti tipeze kalankhulidwe kotere. Kali m'midzi mwathu momwemu. Khalani pa bwalo la nyakwawa tsiku la mlandu wa ziweto. Wodandaula ayambe kuti, "Mfumu, chimanga changa chadyeka." Nduna imudula pomwepo: chadyedwa ndi chiyani? Ng'ombe. Ng'ombe za yani? Ankaweta ndani tsiku limenelo? Dzuwa lidali pati? Waona ndi maso ndani? Bwalo la mfumu silandira mneni wam'chibisira. Limamukoka wochita mpaka atulukire, chifukwa popanda iye palibe wolipira mbuzi. Pa maliro, wowerenga chipepeso sanena kuti thandizo lafika. Amatchula mudzi, dzina, ndalama yake, lichero la ufa, mtolo wa nkhuni, ndipo akalumpha dzina limodzi mwini wake amatuma mwana kukakumbutsa. Pa chinkhoswe ndidamva atsibweni a mkwatibwi wina akunena mawu amene ndimawayesa chitsanzo cha lonjezo lomangidwa bwino. Adaima, osakweza mawu, nati kwa akuchimuna: "Nkhoswe wa mwana uyu ndine. Nyumba yanga ndi iyo ili pafupi ndi mjigo. Kukabuka nkhani, kaya ndi usiku, gogodani pakhomo panga, ndidzadzuka." Muli mwininkhani, muli malo, muli nthawi, muli chimene adzachite. "Dza" wa atsibweniwo ndi yemweyo wa pa nsanja, koma uyu ali ndi khomo loti ukagogode. Anthu ake ndife omwewo, a pa bwalo la mfumu ndi a pa bwalo la mpira. Luso lofunsa kuti "ndani" tili nalo lakuthwa ndithu, koma tikamva zimkuzamawu timalisiya kunyumba. Mwina n'chifukwa choti mlendo safunsidwa mafunso ambiri. Mwina n'chifukwa choti nsanja njaitali, ndipo dzuwa likamapendeka galimoto zimakhala zaloza kale ku tauni, pomwe nkhoswe amagona m'mudzi momwemo.

Apa wina atha kunena kuti basi tileke kuyankha, tizingokhala duu. Ine sindikufuna dziko la anthu ouma pakamwa. Kuyankhizana n'kumene kumapangitsa kuti kulankhula kwathu kukhale kwa tonse. Nyimbo ya pa mtondo, ya kudambwe, ya kwaya, zonse zimayenda ndi wotsogolera ndi ovomera. Mayi aja a ku Nsaru adanena zoona kuti kusiya munthu panjira ndi mwano. Koma ndidaonapo tsiku lina, pa msonkhano wa za makuponi cha ku Mpingu, chimene chimachitika anthu akaugwira mpata uja osaupereka. Mkulu wina wochokera ku ofesi adafotokoza kuti mayina ena adachotsedwa, kuti mndandanda udasinthika, kenaka pofuna kutseka nkhani adakweza mawu: "Ndiye tonse tagwiriza...?" Palibe adayankha. Adabwereza, akumwetulira: "Tagwiriza...?" Kudangomveka mbuzi kuseri kwa sukulu. Kenaka mayi wina wobereka mwana kumbuyo adagwada pomwe adakhalapo, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse, nati, "Pepani bwana, ine kusaphunzira. Mwati mayina adachotsedwa. Adachotsa ndani?" Sadanyoze munthu, sadakweze mawu. Mkulu uja adakhala kaye chete, n'kutsegula chikwama, n'kutulutsa mapepala, n'kuyambiranso kufotokoza, ulendo uno akutchula ofesi, tsiku, ndi kumene odandaula angapite. Sikuti mayina onse adabwerera. Koma anthu adachoka pamenepo akudziwa khomo loti akagogode, ndipo ndidaona kuti ulemu ndi funso zitha kutuluka pakamwa pamodzi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga a Chichewa, a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi kwina konse. Phunziro lophwanya ziganizo tisamalithere pa galu woluma mwana. Masiku ano zolankhula za akuluakulu zimayenda pa WhatsApp ndi pa wailesi tsiku lililonse. Tengani ziganizo zisanu za munthu wa chipani chilichonse, ngakhale chimene inuyo mumachikonda, muzilembe pa bolodi. Ana adule mzere kunsi kwa mwininkhani, ndipo pamene palibe alembe kuti palibe. Apeze nthawi ya mneni, afunse kuti liti. Ndipo pofunsa funso m'kalasi, yesani kulinena lonse mpaka kumapeto, mudikire mwana mmodzi aimike dzanja, ayankhe ndi chiganizo chake chathunthu.